Anadina Katatu

Pa kampani ponse panalibe amene ankamuitana dzina lake lenileni. Onse ankangoti Namawaya, chifukwa ukamufuna unkamupeza pansi pa tebulo la munthu, miyendo yokha ili kunja, akusaka waya amene mwini tebuloyo wazula yekha ndi phazi kenako nkumalira kuti kompyuta yafa kkkk. Zaka sikisi akugwira ntchito ya makompyuta, digiri ili phee mchikwama, koma tsiku lililonse kukacha ntchito inali yomweyo, kupulumutsa akuluakulu a mataye ku zinthu zimene aononga okha.

Ndiye abale anthu amenewa ankawanyoza mumtima, osati masewera. Bwana wina analemba pasiwedi yake pakapepala nkumata pa sikirini, pamwamba pake nkulembanso kuti CHINSINSI. Mayi wina ankanyamula mausi m'mwamba nkumailozetsa ku kompyuta ngati limoti ya TV. Namawaya ankangomwetulira, "palibe vuto mayi," koma akangotuluka, mxiii wake ankamveka mpaka pa masitepe.

Munthu mmodzi yekha amene sankamuwerengera mgulu la mbuzizo anali Makiyi, woyang'anira magalimoto a kampani. Wamtali, mawu a pansipansi, makiyi ali lendee palamba ngati woyang'anira ndende. Chibwenzi chawo chinali chitatha chaka ndi miyezi inayi, ndipo Loweruka likubweralo Makiyi anali woti akamuonetse kwa mayi ake.

Vuto linali limodzi, ndipo vutolo linali ndi ofesi yakeyake ya kapeti. Achemwali ake a Makiyi, mkulu woona za ogwira ntchito pa kampani pomwepo.

*

Lolemba m'mawa Achemwali anamuitana kuti pulinta yakana. Namawaya anagwada nkuyamba kuiyang'ana, iwo ali pampando akumuyang'ana iyeyo.

"Kodi iwe, ndi zoona kuti umatha kuwerenga maimelo a wina aliyense muno?"

"Kutha ndimatha, koma sindiwerenga."

"Fisi nayenso amati amangodutsa pakhola."

Namawaya anatsegula kabokosi ka mapepala. Munalibe ngakhale pepala limodzi. Limodzi lokha abale!

"Ine ndikuuze poyera," Achemwali anapitiriza, akupukuta magalasi. "Mkazi woona zonse sasunga banja. Mwamuna amafuna kakona kobisala. Mlongo wanga ndi wofatsa, iwe udzamuyenda mfoni mpaka adzaonde. Ndawauza kale mayi zimenezi."

"Pulinta yanu ilibe vuto bwana. Imangofuna mapepala."

"Ndiye uikemo, ukudikira chani?"

Anaikamo. Potuluka mtima unali ukuwira, koma anadzitonthoza ndi chinthu chimodzi. Tsiku limene anamulola Makiyi, Namawaya anamulonjeza kuti sadzalowa mfoni mwake kapena mmaimelo ake, ndipo chaka chonsechi sanalowemo olo kamodzi. Olo kusuzumira.

*

Tsopano mumve ntchito ina imene Namawaya ankaikonda kuposa zonse. Pakapita miyezi ingapo, bwana wamkulu ankamuuza kuti atumize uthenga wabodza kwa antchito onse, wofanana ndi umene akuba a pa intaneti amatumiza pofuna kuba mapasiwedi. Cholinga nkuona kuti ndani adine linki osaganiza. Amene wadina, dzina lake limamatidwa pa bolodi la pakhonde, ndipo Lachisanu amakakhala mkalasi ngati mwana wa sukulu, mphunzitsi wake Namawaya kkkkk.

Nyambo zakale zija, zoti mwapambana foni, mwapambana filiji, anthu anali atazizolowera. Bwana anati apeze yatsopano. Ndiye Lachiwiri Namawaya anakhala pansi, akuseka yekha, nkulemba:

"Pali wina muno amakukondani mwachinsinsi ndipo watopa kubisa. Dinani apa."

Ukadina, pankatuluka maluwa ofiira ndi kabokosi kakuti, "Mukuganiza kuti ndi ndani? Lembani." Anasiyamo dala zizindikiro zoti wanzeru aone. Adiresi yotumizira inali yachilendo, dzina la kampani linali lolakwika, maluwawo anali onyansa ngati a pa nsalu ya tebulo ya azakhali. Mwana wa sitandade wani akanadziwa kuti ndi msampha.

Namawaya sanamuchenjeze Makiyi. Lamulo silinkalola, komanso amuchenjeze chifukwa chani? Munthu amene akukakuonetsa kwa mayi ake Loweruka angafune kudziwa za womukonda mwachinsinsi?

10 koloko ndendende anatumiza.

*

Lachitatu m'mawa anabwera ndi tiyi wake, nkuvula nsapato, nkutsegula lipoti ngati munthu amene akutsegula filimu. Antchito 112. Odina 41. Anaseka mpaka tiyi anamutsamwa.

Ndiye zimene analemba mkabokosi muja! Mlonda wa pageti analemba dzina la mkazi wake, yekhayo Namawaya anamukhululukira. Bambo wina wa dazi wa ku sitolo ya katundu analemba kuti "atha kukhala ambiri." Mayi wa mausi uja analemba mayina atatu nkuikanso nambala yake ya foni. Atsogoleri a mapemphero a nkhomaliro awiri analimo. Namawaya ankangoti, "Mbuzi. Mbuzi inanso. Iyi ndiye tonde."

Kenako anafika pa mzere 29.

Anaika kapu pansi. Anapukuta sikirini ndi dzanja ngati kuti vuto ndi fumbi.

Makiyi.

Ndipo sanadine kamodzi ayi. Kompyuta siinama, inalemba ndi nthawi yomwe. 10:02 anadina, nkusiya kabokosi kopanda kanthu. 10:04 anabwereranso nkulemba kuti, "wa pa lisepushoni?" 10:31, atakhala theka la ola akuganiza ndi mutu wake wonsewo, anabwerera kachitatu:

"Ngati ndiwe wa pa lisepushoni uja nanenso ndimakuona. Koma tisamale, Namawaya amaona zonse."

Eeeeh abale inu.

Wa pa lisepushoniyo Namawaya ankamutcha Zikhadabo, chifukwa zikhadabo zake zinali zazitali moti ankalemba pa kiyibodi ndi kumbuyo kwa pensulo. Mtsikana woti ukamufunsa kuti kompyuta yake ndi ya mtundu wanji amayankha kuti "yakuda." Ameneyo! Zaka sikisi za Namawaya, digiri yake, lonjezo lake limene analisunga ngati dzira, zonsezo kuluza kwa munthu wolemba ndi pensulo.

Chimene chinamupweteka kwambiri sichinali "ndimakuona" ayi. Chinali "amaona zonse." Mawu a Achemwali enieni, akutuluka mkamwa mwa mlongo wawo.

Sanalire. Anavala nsapato.

*

Anamupeza Makiyi koimika magalimoto nthawi ya nkhomaliro, atatsamira lole, akuseka ndi foni. Atamuona anatambasula manja.

"Wanga! Ndimati ndikuimbire. Mayi akufunsa kuti umadya chani, akufuna akonzeretu. Ndiye Loweruka uvale diresi ya buluu ija, thalauzi ayi, ukudziwa achemwali..."

"Lachisanu muli ndi kalasi."

Makiyi anaphethira. Namawaya akayamba kumuti "inu" ankadziwa kuti kwaipa.

"Kalasi yanji?"

"Ya anthu odina zinthu. 9 koloko. Mubwere ndi cholembera."

Nkhope ya munthu inasintha pang'onopang'ono ngati kompyuta yakale ikuyaka kkkk. Ngakhale makiyi a palamba paja anasiya kulira.

"Aaa, ka uthenga kaja? Kanali kako? Iii iwenso. Chala chinangoterereka."

"Katatu?"

"Ndimafuna nditseke, ndiye..."

"Chala chinaterereka 10:02. Chinatererekanso 10:04. Ndiye chinakapuma, nkumwa madzi, 10:31 nkubwera kudzaterereka ziganizo ziwiri zathunthu."

"Ndimafuna ndimugwire amene akusewera nane! Ndinadziwa kuti ndi bodza, ndimangomuyesa."

"Munamuyesa bwino. Mpaka kumuchenjeza za ine."

Makiyi anayang'ana kumwamba, nkuyang'ana matayala, kenako anapeza pothawira. Anawongola khosi.

"Koma iwe unalonjeza. Unati sudzawerenga zanga. Achemwali ananena, ine ndinakuikira kumbuyo, lero ndi izi."

Namawaya anaseka, kuseka kouma kuja.

"Mwanu sindinalowemo bambo. Foni yanu sindinaigwire. Munabwera nokha pakhomo panga, nkugogoda katatu, nkundipatsa kalata ya mkazi wina m'manja. Ndiye ndisawerenge?"

"Sindinachite naye kanthu, ndikulumbira. Olo kumugwira dzanja. Ndi maso chabe, amuna timaona..."

"Ndiye ndi zimene munalemba. Mumaona."

Apa Makiyi anafewa ngati buledi wogwera mtiyi. Anamugwira mkono.

"Wanga, chonde. Ndalakwa, ndavomera. Koma dzina langa lisakwere pa bolodi paja. Kampani yonse ikudziwa za ine ndi iwe, ndipo aliyense akudziwa kuti uthengawo unkati chani. Madalaivala anga andiseka mpaka ndidzapume pa ntchito. Ungofufuta kamzere kamodzi. Ndani adziwe?"

"Ine."

Namawaya anachotsa dzanjalo nkumapita. Koma chilungamo chake, chitsirucho ankachikondabe. Ndi zimene zinkamunyansa kwambiri.

*

Lipoti linkayenera kupita kwa bwana wamkulu Lachinayi 4 koloko. Itangokwana 3, chitseko cha chipinda cha maseva chinatseguka. Chipinda chozizira chija, cha makina olira usana wonse, chimene akuluakulu sankalowamo poopa chimfine. Analowa Achemwali, atakumbatira jekete.

"Mlamu, muli bwanji kuno?"

Mlamu!! Namawaya anayang'ana kumbuyo kuti mwina muli munthu wina kkkkk.

"Ndili bwino bwana."

"Aaa za bwana zisiye, tili awiri. Mlongo wanga wandiuza zonse, ndi zimene analemba zomwe. Ndamukalipira kwambiri. Koma mwamuna ndi mwana, umadziwa iwe. Akaona chowala amatola."

"Ali ndi zaka 34."

Achemwali anakhala pa bokosi la mawaya, chifukwa mpando unali umodzi ndipo Namawaya sanadzuke.

"Tisazungulire. Dzina la banja lathu silingakwere pa bolodi ngati la wakuba nkhuku. Ine ndine mkulu muno, anthu azindiona bwanji? Uchotse mzere umenewo. Ukachotsa, Loweruka ndikakhala pambali pako. Ndikawauza mayi kuti ndinalakwitsa, mtsikanayu ndi wosunga chinsinsi, ndi mkazi wa banja. Mayi amamva ine. Ukudziwa kuti ndikakana ine palibe ukwati."

Namawaya anayang'ana sikirini. Mzere 29 unali pomwepo, ndipo kufufuta kwake kunali kosavuta kuposa kuika mapepala mu pulinta. Chaka chonse ankafuna Achemwali angomutchula kuti mlamu kamodzi kokha. Lero amutchula, ndipo akumupatsa Loweruka lonse m'mbale.

Koma anaganizanso zina. Pa kampani pano anthu sankamupatsa moni pokhapokha kompyuta ikafa. Pamisonkhano ankamutuma kukayatsa pulojekita kenako nkumuiwala pakona. Chinthu chimodzi chokha chimene anali nacho nchakuti Namawaya akati zili chonchi, olo bwana wamkulu sankatsutsa. Zinsinsi za anthu 112 zinali m'manja mwake chifukwa sanasinthepo kanthu kukomera munthu. Akafufutira chibwenzi lero, mawa adzakhala ndani? Wokwawa pansi pa matebulo basi.

"Zimene anthu analemba mkabokosi ndachotsa kale," anatero. "Za onse 41. Bwana saona, inu simuona, palibe amene aone. Zimenezo ndi zamumtima mwawo. Koma mayina a odina akupita onse."

"Ndikunena dzina limodzi."

"Nanga 40 enawo?"

"Amenewo si abale anga."

"Mlonda wa pageti analemba dzina la mkazi wake, koma akwera pa bolodi. Ndiye amene analemba za mkazi wina ndi amene atsike?"

Achemwali anaimirira. Umlamu uja unathera pomwepo.

"Iwe mtsikana, unatchera dala msampha umenewu kuti umugwire mlongo wanga."

"Ndinatchera kampani yonse. Anthu 71 anaudutsa. Mlongo wanu anaubwerera katatu ngati waiwalamo chenji."

"Ukufuna ukwati kapena ukufuna kompyuta?"

Namawaya anatembenuza sikirini kuti Achemwali aone bwinobwino, nkuyang'ananso adiresi ya bwana kawiri, nkutumiza lipotilo. Kanamveka kaphokoso kaja koti fyuu.

Achemwali anamuyang'ana kuyambira ku tsitsi mpaka ku nsapato.

"Wasankha wekha," anatero, nkutuluka osatseka chitseko.

*

Lachisanu m'mawa pakhonde panali ngati pamsika. Anthu atadzadza pa bolodi, akuwerenga mayina mokweza, akuombana m'manja. Bambo wa dazi uja ankafotokozera aliyense kuti anadinira kafukufuku. Madalaivala anali atayamba kale kuitana bwana wawo kuti Wokondedwa Mwachinsinsi, wina mpaka anamuikira duwa la pulasitiki pa galasi la lole kkkkk. Makiyi sanaoneke, anali atadzitsekera mu ofesi.

Namawaya anali mchipinda cha misonkhano akukonza mipando ya ana ake a sukulu 41. Foni inalira. Meseji ya Makiyi.

"Ndanyozeka mokwanira ndipo ndi zondiyenera. Koma mawa lisasinthe chonde. Mayi akudikira. Ndidzakutenga 10 koloko."

Anaiwerenga kawiri. Asanaganize choyankha, anamva fungo la perefyumu, kenako ko ko ko ya nsapato. Zikhadabo anaima pakhomo, foni ili m'manja, akumwetulira mano onse.

"Asisi, ndasokoneza?"

"Kalasi ndi 9 koloko. Khalani kumbuyo."

"Iii ine sindili pa bolodi asisi. Ine sindidina zinthu zopusa. Ndinangoona maluwa aja nkudziwa kuti ndi zabodza, mwamuna weniweni sangatumize maluwa onyansa choncho."

Namawaya anayang'ana mndandanda mwachangu. Zoonadi. Munthu wolemba ndi pensulo sanadine. Mwa anthu onse!

"Ndiye mukufuna chani?"

"Kuthokoza kaye." Zikhadabo analowa nkukhala pa tebulo, osati pampando, pa tebulo. "Achemwali anandiitana dzulo ku ofesi kwawo. Andiuza zonse zimene a Makiyi analemba. Zoti nawonso amandiona. Iii asisi, ine zaka ziwiri ndikungowayang'ana akamadutsa, ndimaona ngati sandiwerengera. Pakanapanda ka uthenga kanu kaja sindikanadziwa mpaka kalekale. Mulungu akudalitseni."

Namawaya anasiya kukonza mipando. Mawu aja anawabisira bwana, anawabisira kampani yonse, koma Achemwali anawanyamula okha nkukawapereka kwa mwini wake ngati mphatso.

"Ndiye chachiwiri ndi ntchito," Zikhadabo anapitiriza, akumupatsa foni ndi nsonga za zala. "Achemwali andiitana mawa kwa mayi awo, akuti ndikangocheza, mayi andione. Anditumizira pamene pali nyumbayo pa mapu koma sizikutseguka. Inu ndi amene mumadziwa zimenezi. Ndithandizeni, ndingasochere."

Abale. Kuitana munthu kuti akukonzere njira yopita kwa apongozi ake omwe.

Namawaya analandira foniyo. Kunja ana a sukulu anali atayamba kufola, ena akusuzumira pawindo. Akanatha kuiponya pansi. Akanatha kuika mapu olozera kudzala la zinyalala kunja kwa tauni, ndipo ganizo limenelo linamukomera masekondi angapo ndithu. Koma anakonza bwinobwino, mapu anatseguka, kadontho kofiira kali pa nyumba ya mayi a Makiyi.

"Akuti mufike nthawi yanji?"

"11 koloko."

Namawaya anatenga foni yake nkumuyankha Makiyi, Zikhadabo akuona: "Osati 10. Mubwere 9."

Kenako anamubwezera Zikhadabo foni yake, nkumwetulira kumwetulira kwake kwa pa ntchito kuja.

"Yatheka. Simusochera. Mukafika mudzangogogoda, ndidzakutsegulirani ndine."

Kumwetulira kwa Zikhadabo kunazima. Anatsika pa tebulo nkutuluka, nsapato zija zikulira mofulumira kulowera ku ofesi ya kapeti.

Namawaya anatsala yekha. Kupita mawa apita, zimenezo anali atatsimikiza. Chimene sankadziwa nchakuti akupita kukamutenga mwamunayo kapena kukamubweza kwa amake pamaso pa onse. Anatsegula chitseko nkuitana kalasi. Woyamba kulowa, mutu uli pansi, cholembera chili m'manja, anali Makiyi.

"Kutsogolo," anatero Namawaya. "Odina katatu amakhala kutsogolo."